Wakisi wakale achoke kaye, watsopano abwere pambuyo

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ndi nyengo ya maukwati, ndipo pamalo panga potsukira galimoto pano pa Ngabu pempho limakhala limodzimodzi: "Achimwene, iyi inyamula akwati Loweruka, muipake iwale." Ambiri amabwera ndi kachitini kawo ka wakisi kogula ku Limbe, poganiza kuti ndingotsegula n'kuyamba kupaka. Ndikawauza kuti tiyamba ndi kuchotsa wakisi amene alipo kale, nkhope zimagwa. Bambo wina wa Sienta yakuda anachita kundifunsa kuti, "Ndiye mukufuna muchotse zimene ndinalipira mwezi wathawu?" Ndinati eya madala, zomwezo.

Wakisi sakhalitsa kuno kuchigwa. Wabwino wa m'zitini amapangidwa ndi carnauba, phula lochokera pamasamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa womera ku Brazil. Palokha phulali limasungunuka kutentha kukafika madigiri 82 kapena kuposerapo pang'ono, koma m'chitini amalisakaniza ndi mafuta kuti lizipakika, ndiye limafewa msanga. Tsono Okutobala wa ku Chikwawa ndi Nsanje mukumudziwa. Pamthunzi penipeni pamapitirira madigiri 40, ndipo boneti ya galimoto yakuda imene yatandala padzuwa simungaikepo dzanja. Masana wakisi amafewa, fumbi n'kumatirira, usiku n'kuumanso fumbilo lili momwemo. Amene amadutsa pa Nchalo nthawi yodula nzimbe amaonjezerapo phulusa lakuda lija limagwa akamaotcha minda, ndipo m'munsi mwa zitseko mumakhala timadontho ta phula la mumsewu wa M1. Ena amathawira pansi pa mtengo wa nimu, koma kumeneko kuli zitosi za mbalame ndi tizipatso tophwanyikira padenga. Zonsezi zimakhazikika mu wakisi wakale uja. Kupaka wina pamwamba pake kuli ngati kudzola mafuta usanasambe: uwala ndithu lero, koma litsiro walitsekera mkati.

Ndisanayambe ndimayesa kawiri. Ndimathira madzi pa boneti. Akamaundana timadontho tozungulira n'kumagubuduka, wakisi akadalipo. Akangoyalana ngati chinsalu chonyowa, pamenepo watha. Nthawi zambiri galimoto imodzi yomweyo imaonetsa zonse ziwiri: padenga ndi pa boneti watha kalekale, m'zitseko akadali wochindikala. Kuyesa kwachiwiri ndimachita nditaitsuka. Ndimalowetsa dzanja m'kajumbo kopyapyala n'kusisita pang'onopang'ono pa penti. Dzanja lopanda kanthu limanama kuti pasalala, koma m'jumbo mumamveka tokhakhala ngati mchenga. Mwini galimoto ndimamupatsa jumboyo ayese yekha, ndipo mkangano umathera pomwepo.

Ntchito imeneyi ndi ya m'mamawa. Ine ndi mnyamata amene ndimagwira naye timayamba 5 koloko, chitsulo chikadali chozizira, ndipo ikamakwana 9 timakhala titamaliza zonse zofuna madzi. Masana sopo amaumira pa penti usanatsukuluze n'komwe, n'kusiya mizere yovuta kuposa wakisi amene umachotsayo.

Sopo wa ufa wochapira zovala pagalimoto ayi. Ndikudziwa kuti m'malo ambiri otsukira ndi amene amagwiritsa ntchito chifukwa ndi wotchipa komanso amachita thovu lambiri, koma timibulu take tosasungunuka timakanda penti, ndipo amaumitsa malabala a m'mawindo mpaka kuyamba kung'aluka. Ndikafuna kuchotsa wakisi ndimatenga sopo wamadzi wotsukira mbale, amene ntchito yake ndi kudula mafuta. Masiku ena onse sindimulola kufika pagalimoto pa chifukwa chomwecho, koma tsiku limeneli kudula mafutako ndi kumene tikufuna. Ndowa zimakhala ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira nsalu, kuti mchenga umene wachoka pagalimoto usabwererenso. Timayambira padenga kutsika m'munsi, matayala pomaliza ndi nsalu yakeyake.

Nkhani ya madzi ndiye imandiwawa mutu. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi a mchere, ndipo dontho lililonse likauma lokha limasiya kamkombero koyera. Pa penti amene ali ndi wakisi kamkomberoko kamakhala pamwamba. Pa penti amene mwangomuvula kumene kamaluma penti weniweniyo. Choncho gawo lililonse tikatsukuluza timapukuta nthawi yomweyo ndi nsalu ya microfibre, osadikira kuti timalize galimoto yonse. Madzi otsukuluzira komaliza ndimasunga padera m'mgolo, osakhala a mchere, ndipo mnyamata wanga amadziwa kuti akangotungamo otsukira matayala tiyambana.

Sopo yekha samaliza ntchito. Amachotsa wakisi wofooka kale uja, koma zokhakhala zimene zamveka m'jumbo zimafuna clay bar. Ndi kadongo kopangidwa kufakitale, kofewa, kopezeka m'mashopu a zipangizo za galimoto ku Blantyre. Ndimadula kachidutswa kakang'ono, n'kukakanya m'manja mpaka kaphwatalale ngati kachitumbuwa, kenako ndimapopera madzi a sopo wa galimoto pamalo aakulu ngati mpango wa m'manja. Kadongoko kamayenda mopita ndi kubwerera, osazungulitsa, osadinikiza. Poyamba kamagwira ndipo kamamveka kuti khwee khwee. Mukapitiriza phokoso limachepa mpaka kamangotsetsereka. Mukakatembenuza mumaona kada bii, pena pofiirira ndi fumbi, pena timadontho takuda ta phula. Mumakapinda kuti kuyera kubwere kunja, n'kupita pena. Kakagwa pansi, katayeni, ngakhale mtima ukuwawa ndi mtengo wake. Dothi lathu lino ndi la mchenga, ndipo kambewu kamodzi kokha ka mchenga kakalowa m'dongomo kajambula boneti yonse. Pamalo pouma kasayendenso, kamasiya zipsera.

Phula la mumsewu likakhala lochindikala sindilimbana nalo ndi dongo. Ndimadontheza parafini pang'ono pakansalu, n'kukagwiriza pamalopo kwa mphindi imodzi, phula limasungunuka lokha, kenako ndimatsukapo ndi sopo. Petulo ndi thinazi zisayandikire. Ndinaonapo chitseko cha Vitz chimene munthu anapukuta ndi thinazi pofuna kuchotsa zomata za sitika, chinachita kutuwa mpaka kupita kwa openta.

Chotsatira ndi isopropyl alcohol, mtundu wa spiriti wopukutira, amene amapezeka m'mafamase ena. Akakhala wa 70 peresenti ndimasakaniza muyezo umodzi ndi miyezo itatu ya madzi abwino, n'kuthira m'botolo lopopera. Ndimapopera pansalu, osati pagalimoto, ndikupukuta gawo limodzi, n'kuumitsa ndi nsalu ina youma. Ameneyu amachotsa mafuta otsalira amene maso saona. Zikatheka, chala chimalira mukachikoka pa penti, ndipo madzi saundananso paliponse. Galimoto imene yapentedwa kumene, miyezi iwiri kapena itatu isanathe, sindiipaka alcohol ngakhale wakisi. Penti amakhala akuumabe.

Pali kantchito kena kotopetsa kamene anthu amakathawa: zoyera zija zimatsalira m'mapulasitiki akuda a mabampa, m'mphepete mwa malabala ndi kuzungulira zilembo za dzina la galimoto kumbuyo. Ameneyo ndi wakisi wakale amene wopaka sanapukute. Mswachi wakutha ndi madzi a sopo zimachotsa zambiri, ndipo zokanirira pa pulasitiki wokhakhala zimachoka ndi labala ya pensulo, yoyera ija ana amapita nayo kusukulu. Galimoto itha kuwala bwanji, mizere yoyera imeneyi ikatsala munthu amadziwa kuti inagwiridwa mothamanga.

Wakisi akachoka m'pamene penti amaonetsa chilungamo chake, ndipo si onse amakondwera nacho. Timikwingwirima tozungulira timene wakisi ankabisa timaonekera tonse padzuwa. Apa ndi pamene pamafunika polishi, amene amapala pang'ono pamwamba kuti pasalale. Koma ndimapita naye mosamala, chifukwa clear coat, vanishi wa pamwamba uja, pagalimoto zambiri zochokera kufakitale amakhala wa mamaikironi 40 kapena 50 basi, kupyapyala kuposa pepala la m'kope. Galimoto zathu zambiri zinayenda kale zaka ku Japan, n'kudzaotchedwanso ndi dzuwa lino, ndiye wotsalayo ndi wochepa. Nsalu ikayamba kutenga mtundu wa galimoto, dziwani kuti pamenepo palibe clear coat, mukupala penti weniweni. Toyota zina zoyera zakale zinapentedwa choncho kuchokera kufakitale. Ndipo padenga pakayamba kusupuka zoyera ngati mamba, ndimamuuza mwiniwake mosabisa: "Abwana, apa musataye ndalama pa ine, pitani kwa openta." Palibe chitini chimene chingabwezeretse zimenezo.

Penti wovulidwa asagone osavekedwa, apakidwe tsiku lomwelo, pamthunzi. Wakisi watsopano amapakidwa mopyapyala kwambiri, gawo limodzi panthawi, n'kupukutidwa akangochita mbuu. Wochindikala saonjezera chitetezo, amangovuta kupukuta n'kukasiyanso zoyera zija m'malabala. Kwa amene galimoto yawo imatandala pa siteji kudikira anthu opita ku Bangula kapena kukwera mapiri a ku Thabwa tsiku ndi tsiku, ndimawalangiza sealant, mankhwala oteteza penti opangidwa kufakitale, m'malo mwa carnauba. Kuwala kwake sikufika pa carnauba, koma amapirira kutentha miyezi ingapo, pamene carnauba kuno akakwanitsa miyezi iwiri ndiye kuti galimotoyo imagona m'galaja.