Masabata atatu ndikuyamikira bokosi lolakwika

Bokosilo ndinalitulutsa m'katoni ngati ndikunyamula khanda lobadwa dzulo. Inali DAC, chipangizo chimene chimatenga nyimbo zosungidwa ngati manambala pa CD kapena m'kompyuta n'kuzisandutsa mphamvu ya magetsi yoti ampulifaya ikuze, masipika alire. DAC ili paliponse, m'foni, mu TV, m'laputopu, ndipo ine ndinali nayo kale ina yaing'ono ngati sopo, imene inandigwirira ntchito zaka zisanu osadwalapo. Koma yatsopanoyi inali ina: yolemera ngati njerwa ziwiri, thupi la aluminiyamu, kutsogolo kagalasi kowala. Ndalama zake ukanagula nazo timabokosi ngati kakale kaja khumi ndi tiwiri. Kwa mayi a kunyumba ndinangotchula theka la mtengo, ndipo theka lomwelo linawakhalitsa pansi.

Kalumikizidwe kake ndikafotokoze bwinobwino, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Choimbira ma CD changa chili ndi potulukira manambala pawiri, pa optical pamene pamaoneka kakuwala kofiira, ndi pa coaxial pamene manambala amayenda m'waya. Ponse pawiri pamatulutsa nthawi imodzi. DAC yakale inali pa optical, zingwe zake za RCA, zonyamula mawu, zikupita ku Input 1, polowetsa poyamba pa ampulifaya. Sindinaichotse, ndinkafuna tsiku lina ndidzaichititse manyazi pamaso pa alendo. Yatsopano ndinaiika pa coaxial ndi chingwe cha 75 ohm monga zimafunikira, RCA zake ndinaloweka ku Input 2. Nditayatsa, kagalasi kaja kanalemba 44.1, kusonyeza kuti yagwira bwino manambala a CD, amene amabwera maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse. Ndinathamangira pampando, ndinatsinzina, ndinadina batani.

Anthuni, zimene ndinamva! Woimba uja anaima pakati penipeni pa chipinda, ndimachita kumumva akukoka mpweya. Besi inali yolimba ngati mnofu wa pantchafu, osati phalaphala ya kale ija. Kumbuyo kwa ng'oma kunatulukira kachitsulo kena kolira ngwee, kamene m'zaka zonsezi ndinali ndisanakamvepo. Ndinagula kope. Tsiku lachitatu ndinalemba kuti mawu a m'mwamba ayamba kufewa. Tsiku la 10 ndinalemba kuti bwalo la oimba latambasuka kupitirira masipika. Ndinkaisiya yoyaka usiku wonse kuti ipse bwino, poti akatswiri anzanga amati chipangizo chatsopano chimafuna maola ambiri chisanaonetse ukatswiri wake wonse, ndipo inkapsadi: ukaigwira inali yofunda.

Mayi a kunyumba anadzaima pakhomo tsiku lina, tawulo paphewa.

“Abambo, inetu ndikumva nyimbo yomwe ija ya masiku onse.”

Ndinawafotokozera mofatsa, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono, kuti khutu limafuna kuphunzitsidwa. Iwo anangoti “Chabwino,” n'kubwerera kumene anachokera.

Sabata yachitatu ndinaitana mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayiwa, amene ntchito yake n'kukonza ma ampulifaya ndi zipangizo zojambulira mawu. Ndinamukhazika pampando wanga wapakati, umene sindilola munthu kukhalapo, n'kumuikira nyimbo ya kachitsulo kaja. Anamvetsera mpaka kumapeto, ine ndikumuyang'ana kumaso kudikira misozi. Kenaka anadzuka, anawerama patsogolo pa ampulifaya, anasuzumira kumbuyo, anawerama kachiwiri.

“Alamu, yatsopanoyi mwailowetsa pati?”

“Pa Input 2.”

“Nanga kamuvi kosankhira aka kakuloza pa 1 bwanji?”

Ndinati mwina akuonera m'mbali. Sanatsutse. Anangopisa dzanja kuseri, anazula chingwe cha magetsi cha DAC yatsopano, n'kuchikweza m'mwamba ngati wagwira njoka kumchira. Kagalasi kaja kanazima. Woimba uja anapitiriza kuimba pakati penipeni pa chipinda, akukoka mpweya wake bwinobwino, kachitsulo kaja kakulira ngwee kumbuyo kwa ng'oma.

Ndinangoti kakasi. Masabata atatu athunthu ndinali ndikumvera kasopo kaja, bokosi lodula likungodya magetsi n'kumafunda. Kukhitchini kunamveka kuseka kobanika, kwa munthu amene watseka pakamwa ndi tawulo.

Munthu akagwa amayamba wayang'ana ngati pali pogwira. Ndinabwezeretsa chingwe, ndinapotoza kamuvi kufika pa 2, ndipo mtima unakhala pansi, chifukwa ulendo uno kusiyana kunalipodi. Pa 2 nyimbo inali yodzaza, yamoyo. Ndikabwerera pa 1 inkafota.

“Mwamva alamu? Mwamva?”

“Ndamva,” anatero iye, akutsekula chikwama chake cha zida. “Yatsopanoyi ikufuula.”

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Ma DAC satulutsa mphamvu yofanana. Ambiri amatulutsa pafupifupi mavoliti awiri (2 V) pa RCA nyimbo ikafika pamwamba penipeni, ena amapitirira pang'ono, ndipo pa XLR, zingwe za timisomali titatu, kawirikawiri imakhala 4 V, kumene ndi kukwera ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). Tsono khutu la munthu lili ndi khalidwe loipa: kukwera kochepa, kosafika ngakhale 1 dB, silikuuza kuti voliyumu yakwera, limakuuza kuti nyimbo yakoma. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anaonetsa kale mu 1933 kuti khutu silimva mawu onse mofanana, ndipo voliyumu ikamakwera besi imamveka yochuluka kuposa mmene imamvekera pansi. N'chifukwa chake poyerekeza zipangizo ziwiri, mphamvu zake ziyenera kufanana mpaka 0.1 dB, kusiyana kwa pafupifupi 1 peresenti. Ndi khutu sungathe. Pamafunika mita.

Mlamu anatulutsa mita yake ndi CD yoyesera yokhala ndi kulira kumodzi kosasintha kwa 400 Hz, kutanthauza kunjenjemera maulendo 400 pa sekondi, kojambulidwa pamwamba penipeni pa 0 dBFS. Anasankha 400 Hz chifukwa mamita wamba ambiri amawerenga AC, magetsi osinthasintha mbali, molondola mpaka chapomwepo, kupitirira apo amayamba kunama. Kayezedwe kake n'kosavuta: mita uike pa AC, uzule chingwe cha RCA ku ampulifaya, waya wofiira wa mita ugunde kamsomali kapakati, wakuda ugunde chitsulo chakunja. Anandiuzanso kawiri kuti ndizimitse ampulifaya. Ine ndinaganiza kuti poti tazula zingwe za yatsopano, palibe chingalire. Ndinaiwala kuti yakale ikadali yolumikizidwa, ndi kuti m'kupotozapotoza kuja kamuvi ndinakasiya pa 1.

Nyimbo wamba imangogunda pamwamba mwa apo ndi apo, nthawi zambiri imayenda m'munsi. Kulira koyesera kumakhala pamwamba pomwepo osatsika. Chimene chinatuluka m'masipika chinali ngati sitima yalowa pabalaza. Mphaka anadutsa pawindo osaligunda. Mlamu analumphira batani lozimitsira, kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, mmene amayang'anira ampulifaya imene mwini wake anayesa kukonza yekha.

Manambala anatuluka motere: yakale 2.00 V, yatsopano 2.24 V. Kusiyana kwake ndi 1 dB pafupifupi ndendende. Mwamwayi yatsopanoyo ili ndi voliyumu yakeyake, choncho tinaitsitsa ndi 1 dB, mita inawerenga 2.00. Titalumikizanso, moyo uja ndi kudzaza kuja zinapita kumene zinachokera. Koma ine ndinaumirira kuti pakadali kenakake, kakang'ono, m'mawu a m'mwamba.

“Ngati kalipo mukapeza osaona,” anatero mlamu.

Anaphimba zipangizo zonse ndi nsalu. Analemba manambala 1 mpaka 16 papepala, pa nambala iliyonse anaponya khobidi: mutu ndi yakale, mchira ndi yatsopano. Ine ndinkaloledwa kumva yakale ndi yatsopano modziwa nthawi ina iliyonse ndikafuna, kenaka iye ankaika yobisika, ine n'kulemba kuti ndi iti. Njira imeneyi amaitcha ABX. Anasamala zinthu zimene ine sindikanaziganizira. Ulendo uliwonse ankayamba wapotozera kamuvi pa Input 4 yopanda kanthu, kuti ndisawerenge kulira kwa switch. Ankaima kumbuyo kwanga kuti ndisamuone nkhope. Tinkabwereza kachigawo kamodzi ka masekondi 15, poti khutu limasunga tsatanetsatane wa mawu kwa masekondi ochepa chabe, ndipo amene amayerekeza nyimbo ya lero ndi ya sabata yatha amayerekeza zokumbukira zake. Mayankho anakana kundiuza mpaka titamaliza. Anandiuziratu kuti ndiyenera kukhoza 12 mwa 16, chifukwa munthu wongolota amafika pamenepo kosakwana kanayi pa maulendo 100.

Ena mwa mayankhowo ndinkawalemba ndi mtima wonse. Pa nambala 9 ndinachita kuseka, ndinati iyi ngakhale wogontha angaidziwe.

Ndinakhoza 7. Nambala 9 ndinalakwa. Khobidi lija likanalemba lokha mayeso likanayembekezera 8.

Tsono mlamu anakhala pansi n'kundiwerengera masamu amene ndinkawadziwa kale koma ndinkawazemba. CD ya 16-bit ili ndi mpata wa pafupifupi 96 dB pakati pa phokoso lake lapansi ndi mawu okwera kwambiri. DAC yopangidwa bwino masiku ano, ngakhale yotsika mtengo, zolakwa zake zimakhala pansi pa 0.001 peresenti, kutanthauza 100 dB kunsi kwa nyimbo. Sipika ikamaimba besi mokweza imapotoza mawu ndi 1 peresenti kapena kuposa, ndipo chipinda chimatha kukweza kapena kumeza manoti ena a besi ndi 10 dB. Ine ndinali ndikusakasaka nyerere pamsana pa njovu. Ponena za jitter, kusakhazikika kwa wotchi yowerengera manambala kumene otsatsa amakonda kuopseza nako, anati pa zipangizo zabwino za lero kuli pansi kwambiri moti amakuona ndi makina oyezera okha.

Ndinagwira nthambi yomaliza: mafyuluta, zosefera za m'kati mwa DAC zimene zimadula mawu a m'mwamba osafunika. DAC yanga yatsopano ili nawo asanu ndi awiri, ena odula msanga, ena odula pang'onopang'ono, ndipo amasiyanadi, makamaka kumtunda kwenikweni, kuyandikira 20 kHz. Mlamu anavomera, kenaka anatsitsa voliyumu n'kuika kulira kokwera pang'onopang'ono. Pa 12 kHz ndinamva. Pa 14 kHz ndinamva ngati udzudzu uli chipinda china. Pa 15 kHz kunali zii, ndinamuuza kuti CD yake yaima. Pa 17 kHz mwana wathu wamkazi anakuwa ali kuchipinda kwake: “Adadi, chikulira n'chiyani? Chikundipweteka m'makutu!” M'nyumba monse, munthu yekhayo amene akanatha kumva mafyuluta anga asanu ndi awiri amamvera nyimbo pa sipika ya foni.

Kunena chilungamo, mlamu sanati DAC yodula ndi yachabe. Anati ndalama zimagwira ntchito pamene pali vuto loti ungaliloze ndi chala. Ngati ukumva kung'ung'uza kwa 50 kapena 60 Hz ukalumikiza kompyuta pa USB, kapena timaphokoso totsatira mbewa ya kompyuta ukamaisuntha, pamafunika DAC yolekanitsa magetsi a mbali ziwirizo, ngakhale kuti nthawi zambiri chingwe cha optical chimathetsa nkhaniyo, poti kuwala sikunyamula magetsi. Ngati zingwe zikuyenda mamita angapo kukafika ku masipika okhala ndi ampulifaya m'kati, XLR imathandizadi kukana phokoso. Ngati umamvera pa mahedifoni, funsa output impedance, kukana magetsi kwa potulukira pake koyezedwa mu ohm, isapitirire gawo limodzi mwa magawo 8 a impedance ya mahedifoniwo, apo ayi besi imatha kusintha moti aliyense angamve. Polowetsa pambiri, rimoti, voliyumu yabwino, thupi lolimba, zonsezi ndi zinthu zenizeni zoti munthu angalipire akudziwa chimene akugula. Ine mwa mavuto onsewa ndinalibe ndi limodzi lomwe.

Asanapite anakoka masipika anga masentimita 40 kuchoka kukhoma, anawapendeketsa kuti aloze pampando, anayeza ndi tepi kuti onse atalikirane nane mofanana, n'kuyala kapeti pakati. Besi inasiya kulindima m'makona. Mayi a kunyumba anatulukira okha osaitanidwa.

“Koma tsopano ndiye zasintha. Mwagulanso chiyani?”

Patapita mwezi ndinaganiza zoigulitsa. Anabwera bambo wina waulemu wake, atanyamula ma CD ake m'kachikwama. Ndinawakhazika pampando wapakati. Nyimbo itangoyamba anatsinzina, mutu ukugwedera.

“Achimwene, imvani kuya kwake! Zotchipa zija sizingachite zimenezi.”

Ndinaponya diso pa ampulifaya. Mayi a kunyumba anali atapukuta fumbi m'mawa umenewo, ndipo kamuvi kanali pa 1. Anali ataima pakhomo, tawulo paphewa, akundiyang'ana kuti aone ngati anakwatiwa ndi munthu kapena wakuba. Ndinameza malovu, ndinawauza bambowo zoona, n'kupotoza kamuvi kufika pa 2. Anamvetsera theka la miniti, nkhope ikukwinyika.

“Iyayi, iyi ikuuma. Bwezerani pomwe zinali.”

Anachoka ndi kasopo kaja m'thumba la jekete, akusangalala kuti atola mwayi. Njerwa ziwiri zija zikadali pabalaza, ndipo pa Input 1 ndinamatapo tepi yakuda.