Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: chaka chimene ndinayamba kuwerenga kugunda kwa mtima

Gawo lapita lija ndinasiyira pamene adokotala anandiuza zoti BP yanga ili m'malire, sinafike poyamba mapiritsi koma ikulowera komweko, ndipo mankhwala amene anandipatsa anali oti ndiziyenda ndi kutuluka thukuta basi. Nde lero ndikuuzeni za chaka chotsatiracho, chimene ndinaphunzira kuthamanga ndili ndi zaka 38, munthu wamkulu ndi kamimba kake.

Aliyense amene anayambapo majowajowa atakula akudziwa mmene zimakhalira. Umatuluka ndi mphamvu zonse, pakangotha mphindi zisanu befu, waima wagwira m'mawondo, m'kamwa mukuwawa, mawa lake miyendo yakana nde umati aaa zothamangazi ndi za anthu ena. Ine ndinali pomwepo pamene alamu anga, mchimwene wawo wa mayi akunyumba, anabwera kudzacheza kwa masiku angapo. Iwowa amathamanga mipikisano ya makilomita 21, ndi owonda, olankhula mofatsa koma chipongwe chokha ali nacho. Tinatuluka limodzi m'mawa wina, sitinapite patali anandigwira phewa nkuti, "Alamu, kodi akukuthamangitsani agalu? Taimani kaye. Bweretsani mkono."

Anaika zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono panga mbali ya chala chachikulu, kungotsika pang'ono kuchoka pachikhatho pamene pali kadzenje kaja, maso ali pa wotchi. Anawerenga masekondi 15 anapeza 43. Kuchulukitsa ndi 4, 172. Nkuti, "Mtima wanuwu ukugunda ka 172 pa mphindi, pa msinkhu wanu malire ake ali cha ku 182, ndiye mukufuna mufike kuti? Kuthamanga sikufika alamu." Ndinaseka koma mpweya wosekera unalibe kkkk.

Anandiphunzitsa kudzigwira ndekha. Osagwiritsa chala chachikulu chifukwa nacho chili ndi kugunda kwakekwake, chimakusokoneza. Ngati pamkono sipakumveka, pakhosi m'mbali mwa kholingo pamamveka bwino, koma mongokhudza, osafinya, komanso mbali imodzi yokha. Homuweki yoyamba inali yoti m'mawa uliwonse ndikangodzuka, ndisanatsike pabedi, ndisanagwire foni, ndiziwerenga kwa mphindi yathunthu nkulemba. Sabata imeneyo nambala inkazungulira pa 82. Kwa munthu wamkulu amene wangokhala, kuyambira 60 mpaka 100 amati zili bwino, nde ine sindinali wodwala ayi, koma alamu anati anthu ophunzitsa thupi ambiri amakhala m'ma 50 kapena kutsika, ndipo zimanenedwa kuti Miguel Indurain, mkulu wa njinga wa ku Spain amene anawina Tour de France kasanu motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1995, mtima wake unkagunda ka 28 pa mphindi akamapuma. Ine ndinati ameneyo ndiye anali moyo kapena anali atatsamira kale?

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Munthu ukangokhala, mtima umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi, ndipo kugunda kumodzi kumatulutsa mamililita cha m'ma 70. Mtima ndi mnofu, ukamaugwiritsa ntchito mwakathithi umadzaza bwino nkumakankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi, nde malita 5 omwe aja umawamaliza ndi kugunda kochepa. Nambala ya m'mawa ija ikamatsika ndiye kuti zimenezi zikuchitika mkatimo, ngakhale pagalasi kamimba kakadali pomwepo.

Tsopano za 182 zija. Masamu ake ndi otchuka, 220 kuchotsa zaka zako, anachokera kwa William Haskell ndi Samuel Fox cha m'ma 1970, ndipo makina ambiri a mu jimu amagwiritsabe omwewo. Mu 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anabweretsa ena, 208 kuchotsa zaka zako zitachulukitsidwa ndi 0.7. Kwa ine anapereka 181, kusiyana kwake kulibe, ndipo pa zaka 40 masamu awiriwa amakumana ndendende pa 180, koma munthu wa zaka 60 oyamba aja amamupatsa 160 pomwe a Tanaka amamupatsa 166. Onsewa ndi ongoyerekeza. Anthu awiri obadwa chaka chimodzi akhoza kusiyana ndi 10 kapena 12 mbali iliyonse, ndipo kukhala ndi malire okwera sikutanthauza kuti ndiwe dolo, ndi chibadwa chabe. Ndimaona anthu akupikisana pa nambala imeneyi, zopanda mutu.

Alamu pochoka anandisiyira wotchi yawo yakale ndi lamba wa pachifuwa, wa Polar, kampani ya ku Finland imene inayamba mu 1977 nkutulutsa chipangizo choyamba chopanda mawaya choyezera mtima mu 1982. Lambayu umamumanga pansi pa mabere, mkati mwake muli tizigamba tiwiri tosalala toti unyowetse ndi madzi kaye, apo ayi mphindi zoyambirira amangolemba zamisala. M'mawa kukuzizira kuika chinthu chonyowa pachifuwa, eee, mpaka lero sindinazolowere. Lambayu amamva magetsi a mtima weniweniwo. Mawotchi ambiri a masiku ano amayeza pamkono ndi kagetsi kobiriwira kamene kamaona magazi akamadutsa pansi pa khungu, ndi abwino ndithu ukamayenda kapena kugona, koma akakhwepa, kapena kukazizira kwambiri, amatha kusokonezeka nkuyamba kuwerenga mapazi ako m'malo mwa mtima, nde umangoona 170 uku ukupuma bwinobwino.

Wotchiyo inkagawa mtima m'mazoni asanu, kuyambira 50 mpaka 60 peresenti ya malire aja, 60 mpaka 70, choncho mpaka kukafika 100. Zoni 2, ya 60 mpaka 70 ija, yoti uzikhalamo ukamathamanga mofewa, ndi imene aliyense amaitchula, ndipo kwa ine inali 109 mpaka 127. Apa mpamene panavuta. Kungoyenda mwandawala ndinali kale pa 120. Kungonyamula phazi kuti ndithamangeko, pii pii pii, wotchi yayamba kulira. Ndinaimba foni nkuti, "Alamu, chinthu chanuchi sichikufuna kuti ndithamange." Anaseka kaye mpaka kutsokomola, kenako anati titenge njira ya Karvonen.

Martti Karvonen anali katswiri wa ku Finland, ndipo njira yake ya mu 1957 imawerengera ndi nambala ya m'mawa ija, chifukwa mtima suyambira pa ziro. Umatenga malire nkuchotsa ya popuma, kwa ine 182 kuchotsa 82, kutsala 100, amenewa ndiye malo amene mtima wanga uli nawo oseweramo. Ukafuna 60 peresenti umatenga 60 nkubwezerapo 82 uja, 142. Ukafuna 50 peresenti, ndi 132. Alamu anati ndizisewera pakati pa 132 ndi 142, ndisadutse. Anandiuzanso zoti pali mphunzitsi wina, Phil Maffetone, amene amangoti 180 kuchotsa zaka zako, ndipo kwa ine zinagweranso pa 142 pomwepo, ngakhale iyeyo amati woyamba kumene kapena amene akumwa mankhwala achotserepo zina.

Koma chimene chinandithandiza kuposa masamu onsewa chinali choyezera cha pakamwa. Alamu atabweranso tinathamanga limodzi ndipo anandiuza kuti ndiziwafotokozera mmene ndinafunsirira mlongo wawo, kuyambira pachiyambi. Ndikamatha kumaliza chiganizo chonse osadukiza, wotchi inkakhala m'ma 130. Mawu akayamba kutuluka awiriawiri, tikayang'ana, 150 yadutsa. Lamulo lake nlakuti ngati ukutha kulankhula koma sungaimbe nyimbo, uli pa mlingo wapakati, ngati ukungotulutsa mawu ochepa nkupuma, walowa kolemetsa. Munthu amene alibe wotchi asadandaule, pakamwa ndi zala ziwiri zija nzokwanira kuyambira. Kunena zoona ndimamva chisoni ndikaona wina wagula wotchi yodula asanayende nkomwe mtunda umodzi, kenako iyeyo ndiye akulamulidwa, maso pamkono njira yonse mpaka kupunthwa.

Chovuta chenicheni sichinali m'miyendo. Ndi manyazi. Kuthamanga pa 140 pamene thupi silinazolowere ndi kuthamanga kochititsa manyazi, mapazi akungokwekwereza pansi, ana a sukulu akukupitirira akucheza, pachitunda wotchi yalira nde uyenera kusiya kuthamanga nkuyamba kuyenda, zovala zamasewera zili m'thupi, thukuta lili kamukamu, anthu akukuyang'ana ngati walephera. Mumtima mumabwera kamawu koti tangowonjezera pang'ono awone kuti umatha. Mayi akunyumba tsiku lina anandiona ndikubwera chapatali nkudzandifunsa kuti, "Bambo ake, mumathamanga kapena mumasaka chinthu chimene mwataya?" Ndinangoti dikirani muona.

Chimene chinkandilimbitsa ndi zimene alamu anandiuza za Stephen Seiler, wa ku America koma amagwira ntchito ku Norway, amene anafufuza mmene akatswiri othamanga, opalasa njinga ndi opalasa bwato amaphunzitsira matupi awo nkupeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya maphunziro awo amachita mofewa, yolemetsa ndi 20 yokha. Kungoti kufewa kwa iwowo ndi liwiro limene ine sindingalifike ngakhale pa njinga kkkk. Nde ngati madolo amathera nthawi yambiri pansi, ine ndinali ndani woti tsiku lililonse ndizidzipha? Bungwe la WHO nalo mu malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za mlingo wapakati, kapena 75 mpaka 150 zolemetsa, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 kasanu pa sabata wakwanitsa kale, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa.

M'kupita kwa miyezi ndinayamba kuudziwa mtima wanga ngati munthu wokhala naye nyumba imodzi. Kukatentha, msewu womwewo liwiro lomwelo, nambala imakwera yokha chifukwa magazi ena akupita kukhungu kukaziziritsa thupi. Ukathamanga nthawi yaitali osamwa madzi imakwerabe pang'onopang'ono ngakhale sunawonjezere liwiro. Khofi amaikweza, kusagona kumaikweza, kukangana ndi bwana kuntchito nakonso. M'mawa wina ndinapeza ya popuma yakwera ndi 10 popanda chifukwa, thupi ndikulimva bwinobwino, ndinaimbira alamu anati lero musatuluke, gonani. Madzulo ake chimfine ndi kutentha thupi zinandigwetsa. Kuyambira pamenepo nambala ya m'mawa ikalumpha choncho nsapato ndimazisiya pakhomo.

Apa ndiikepo chenjezo chifukwa ena mwa inu mukumwa kale mankhwala. Mapiritsi ena a BP ndi mtima, monga atenolol ndi propranolol, ntchito yawo ndi kuchepetsa kugunda kwa mtima, ndiye masamu onse ndalemba pamwambawa kwa inu sagwira, mukhoza kukakamira kufika 140 pomwe mankhwala akuugwira mtimawo kuti usafikeko. Kambiranani ndi adokotala anu kaye, chimodzimodzi amene muli ndi shuga kapena vuto la mtima lodziwika. Ndipo aliyense, wotchi inene zotani, ukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukudumphadumpha mosalongosoka, ima pomwepo upite kuchipatala, osati mawa.

Kusintha kunabwera mwakachetechete moti ndinakuzindikira mochedwa. Chitunda chimene ndinkachikwera choyenda, tsiku lina ndinangopezeka ndili pamwamba ndikuthamangabe, wotchi ili zii pa 139. Nambala ya m'mawa inachoka m'ma 80 kulowa m'ma 70, chaka chisanathe inali m'ma 60, ndipo masamu a Karvonen aja ndinayenera kuwabwerezanso chifukwa poyambira panali patasintha. Alamu anandionetsanso china, kuti ukamaliza gawo lolemetsa uziona kuti mtima watsika ndi zingati m'mphindi yoyamba. Kafukufuku wa ku Cleveland Clinic, chipatala cha ku America, amene anatuluka mu 1999 anapeza kuti anthu amene mtima wawo unkatsika ndi 12 kapena kuchepera apo m'mphindi imeneyo anali pachiopsezo chachikulu cha imfa m'zaka zotsatira kuyerekeza ndi anzawo. Wanga poyamba unkatsika mwaulesi, kumapeto kwa chaka unkagwa ndi kupitirira 25. Apa mpamene alamu anandilola kuti kamodzi pa sabata ndizikwera mpaka m'ma 160, mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako kuyenda mpaka utsike, nkubwerezanso kangapo, masiku enawo kubwerera pansi.

Nditapita kukayezetsanso, anesi anamanga chija pamkono, anayang'ana makina, anayang'ana m'buku langa, nkuyezanso kachiwiri mkono winawu. BP inali itatsika kuchoka m'malire muja. Sikelo yokha ndiye inasuntha pang'ono kwambiri, za kamimba tidzakamba padera.

Nditawauza alamu pafoni sanandiyamikire nkomwe, anangoti, "Chabwino, ndakulembetsani kale mpikisano wa makilomita 10, ndalama ndalipira, kukana kulibe." Za tsiku limenelo, mmene mtima unafikira 120 ndisanaponye phazi ndi limodzi lomwe, ndingoima pamzere woyambira, komanso agogo ena aakazi amene anandipitirira pa kilomita ya 7 nkundiuza kuti "limbani mwana wanga", ndidzakuuzani mu gawo 10.