Lachitatu la mabuku otsegulira kumbuyo

Magetsi athima kuyambira 5 koloko, ndiye ndikulemba pafoni nditakhala pakhonde, poti m'nyumba simukukhalika ndi kutentha. Okutobala wa chaka chino sakuseka ndi munthu. Ngakhale phiri la Zomba, limene timalidalira kuti lititumizire kamphepo madzulo, lero langoti duu, utsi wa moto wa m'tchire uli tolotolo mbali ya Ku Chawe.

M'mawa ndinanyamuka kuno ku Matawale 6 koloko isanakwane. Minibasi yolowera ku Domasi, anayi pampando monga mwa masiku onse, kutsika titangodutsa Songani, kenaka kabaza mpaka pasukulu. Chatsopano ndinakachipeza mu ofesi ya a hedi: makatoni atatu a mabuku amene takhala tikuwadikira chitsegulire teremu.

Sukulu yathu ndi imodzi mwa zingapo zimene bungwe lina lakunja lapatsa ndalama zoti ana aziphunzira Chiarabu ndi chikhalidwe cha Aarabu, kawiri pa sabata akaweruka, kwa zaka ziwiri. Wophunzitsa ndi a Shehe ena ochokera mbali ya Malosa, amene anakaphunzira ku Khartoum ali anyamata. Koma poti zilankhulo pasukulupa zili m'manja mwanga, rejisitala, malisiti ndi malipoti zinagwera ine, mayi wa Mvano wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi cha Chiarabu.

Mnzanga wosunga laibulale anali atayamba kale kudinda chidindo cha sukulu pa mabukuwo, ndipo anali atamaliza katoni yathunthu. A Shehe atatsamiritsa njinga yawo pakhoma anatenga buku limodzi, n'kulitembenuza, n'kumwetulira.

"Aphunzitsi, mwagwira ntchito yabwino. Kungoti mwadinda kumapeto. Ili limayambira uku."

Tinaseka mpaka a hedi anatuluka kudzaona. Mnzangayo anati sabwerezanso, inki ndi yodula.

Msonkhano wa makolo unayenera kuyamba 9 koloko, unayamba 10 itadutsa, pansi pa mtengo wa mango. Ndinkadziwa kuti funso lija libwera, ndipo silinachedwe. Mkulu wina wa mpingo, munthu waulemu wake, anaimirira chipewa chili m'manja.

"Madamu, ine ndisazungulire. Chingerezi ndi cha mayeso, Chifalansa tinachimva kale. Nanga ichi cha kumzikitichi chikudzatani pasukulu ya boma? Munthu sangakupatseni ndalama zonsezi osafunapo kanthu. Ana athu simukuwatembenuza?"

Chimene sindinayembekezere ndi bambo wina wovala kofia amene anaimirira pambuyo pawo. Ndinkaganiza kuti akudzatiikira kumbuyo. Ayi ndithu. Iwo anati mantha awo ndi ena: chilankhulochi ndi cha Qur'an, ndipo ana a masiku ano makope amawataya paliponse, masamba ena amakathera kwa ogulitsa zitumbuwa. Pepala la mawu a Mulungu likulungire chitumbuwa?

Ndiye taonani, mbali zonse ziwiri zikukana chinthu chimodzi, aliyense poteteza kwawo. Ine mawu anandithera. A Shehe anayankha mosathamanga. Kwa mkulu wa mpingo uja anati ku Egypt kuli Akhristu mamiliyoni a mpingo wa Coptic, ku Lebanon nakonso aliko ambiri, Baibulo amaliwerenga m'Chiarabu ndipo Mulungu amamutchula kuti Allah. Anawonjezera kuti ku Indonesia ndi ku Pakistan, komwe kuli Asilamu ochuluka zedi, pakhomo salankhula Chiarabu. Kwa bambo a kofia aja sanalankhule zambiri. Anangowapatsira buku kuti atsegule okha. Munali zithunzi za mayi akugula tomato pamsika, mnyamata akufunsa njira ya kuchipatala, masiku a sabata. Ndime ya Qur'an munalibemo.

Amene anaithetsa nkhani ndi gogo wina amene amalera zidzukulu ziwiri za fomu 1. Sanaimirire n'komwe. Anangolankhula ali pansi, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao.

"Kodi chimene mukulimbiranachi ndi Chiluya? Mesa chinafika kalekale? Bambo anga makalata opita kwa abale ku Mangochi ankalemba ndi zilembo zomwezi."

Mawu akuti Chiluya, dzina lakale la Chiarabu, ndinali nditatha zaka osawamva. Ndipo gogoyo sananame. Zilembo zimenezi sizinabwere m'makatoni a lero. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mataka atalowa Chisilamu ankasunga alembi olemba Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Tisabise, njira yomweyo ndi imene inkadutsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo nkhani ya Mlozi amene anapachikidwa ku Karonga mu 1895 ana athu amaiphunzira m'kalasi. Nkhawa ya mkulu wa mpingo uja ili ndi kumene inachokera. Koma mbali inayo nayo ili ndi chilonda chake. Amishoni a ku Scotland atatsegula Domasi mu 1884, makolo ambiri a Chisilamu ankakaniza ana awo kusukulu poopa kuti akabatizidwa n'kusinthidwa mayina. Kuyambira pamenepo sukulu ndi madrasa zakhala ngati akazi a pamitala: mudzi umodzi, ana omwewo, koma osapatsana moto.

Chonsecho tonsefe tikamati tikupita ku sadaka, kaya ndife a mpingo uti, tikutchula mawu a Chiarabu. Mzikiti, shehe, haramu, chimodzimodzi. Ngakhale mawu akuti ndalama, zomwe tinakhalira pansi pa mangozo, akatswiri a zilankhulo amawalumikiza ndi dirham.

Makolo anabalalika atagwirizana kuti wofuna mwana wake alowe asaine, wosafuna asakakamizidwe. Mkulu wa mpingo uja sanasaine, koma anapempha kubwereka buku limodzi kuti akalione bwino kunyumba. Ndinamulemba m'kaundula wa laibulale.

Phunziro linayamba 2 koloko, dzuwa lili paliwombo, malata akulira. Anabwera ana 41, ena chifukwa chofuna, ena chifukwa anamva mphekesera yoti kudzakhala masikono. Ine ndinakhala kumbuyo ndi rejisitala yanga, kope langa lobisa lili pansi pake.

A Shehe anayamba kulemba kuchokera kudzanja lamanja la bolodi, ndipo kalasi yonse inati "aaa!" Zilembo zilipo 28. Anajambula kanthu kooneka ngati kabwato katatu. Koyamba anakaika kadontho kamodzi pansi, ndiye ba. Kachiwiri timadontho tiwiri pamwamba, ta. Kachitatu titatu, tha, kotchula lilime lili pakati pa mano. Kabwato n'komweko, chosintha ndi madontho okha. Kenaka anatiuza kuti chilembo chimasintha maonekedwe chikakhala koyambirira, pakati kapena kumapeto kwa liwu. Apa ndinaona nkhope zina zikugwa, yanganso.

Manambala ndiwo anadzutsa anthu. Pa kalembedwe kamene amagwiritsa ntchito ku Egypt ndi mayiko oyandikana nawo, 5 amaoneka ngati kaziro, pomwe ziro ndi kadontho chabe. Mnyamata wina wa fomu 3, wodziwika ndi pakamwa, anaimika mkono.

"A Shehe, ndiye kuti masamu aja ndinakhoza. Aphunzitsi anandipatsa 5, kungoti analemba m'Chiarabu."

Kenaka anayesa kulemba mayina a malo. Zomba anatuluka ngati Zumba, poti o alibe chilembo chakechake. Mpondabwino anakanika, p mulibe m'Chiarabu. Wina anafunsa za ng'ombe, a Shehe anangokweza manja. Iwonso anatibwezera: anatiuza kuti titchule qalb, mtima, liwu lochokera kukhosi kwenikweni, ndipo tonse tinanena kalb, galu. Anachenjeza anyamata kuti asathamangire kulemba makalata achikondi.

Chimene chandikhalitsa pakhonde pano mpaka usiku uno ndi mtsikana wina wa fomu 2. Amakhala kumbuyo, pakona. M'kalasi langa la Chingerezi ndikamuloza kuti awerenge amanjenjemera, mawu osamveka, ndipo teremu yatha ndinalemba pa lipoti lake kuti alimbikire kuwerenga. A Shehe atafunsa amene angalembe mzere woyamba pabolodi, anzake a kumadrasa anamukankha. Anatenga choko. Dzanja lija silinanjenjemere. Analemba mzere wonse, zilembo zolumikizana bwinobwino ngati mkanda, timizere tosonyeza a, i ndi u tili m'malo mwake, kenaka anawerenga mokweza ndi mawu amene sindinawamvepo chiyambire kumuphunzitsa. Ana a fomu 4 amene amatenga nambala wani anali kukamwa yasa.

Mwana amene ine ndinamuika m'gulu la ovutika kuwerenga wakhala akuwerenga zilembo zamitundu iwiri kuyambira ali wamng'ono, zina m'mawa kusukulu, zina madzulo kumadrasa. Chaka chachiwiri chino ndili naye, sindinamufunsepo. Manyazi anandigwira.

Koma a Shehe sanalekere pomwepo. Anamufunsa tanthauzo la zimene wawerengazo. Anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa, a Shehe. Ife timangowerenga."

Mzerewo unali wakuti ma ismuki, dzina lako ndani, pofunsa mtsikana. Anaseka yekha atauzidwa. Apa m'pamene ndinaona kuti phunziroli lili ndi ntchito kwa onse: ena ali ndi zilembo popanda tanthauzo, enafe tilibe zonse ziwiri. A Shehe anawagawa awiriawiri, wa kumadrasa ndi wosadziwa, ndipo kwa mphindi makumi awiri mtsikana uja anali kugwira dzanja la mwana wa abusa kumuongolera kabwato.

Mbali imene inandikomera ine monga mphunzitsi wa Chichewa ndi ya mizu ya mawu. Zilembo zitatu, k, t, b, zimanyamula ganizo la kulemba. Kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi ofesi, maktaba ndi laibulale. Ndinalephera kudzigwira, ndinapita kubolodi n'kulemba pambali pake: lemba, mlembi, chilembo, malemba, kalembera. A Shehe anaomba m'manja. Madrasa nayo akuti ikuchokera ku d, r, s, kuphunzira, ndipo kwa Aarabu liwuli limangotanthauza sukulu iliyonse, ngakhale yathu yomweyi.

Ana atapita ndinatsala ndi fomu ya lipoti la mwezi. Apa ndiye mtima unatsika. Fomuyo inalembedwa ndi munthu woganiza kuti kuno Chiarabu chikuyambira pa ziro. Pali bokosi la ana amene ayamba kuzindikira zilembo, bokosi la amene sanayambe, koma la mwana wowerenga bwino kuposa mphunzitsi wosunga rejisitala palibe. Mbali ya chikhalidwe akufuna zithunzi za ana akulawa zipatso za tende ndi zakudya za Aarabu. Sindikukana, tende ndi wokoma. Koma gogo wa makalata a ku Mangochi uja, kapena sikiri, nyimbo za Asilamu zotamanda Mulungu, imene imamveka m'midzi yozungulira sukuluyi, ndingaziike pa mzere uti?

Za ndalama ndisachulutse. Chinsalu cholembedwa dzina la pulojekiti chinafika sabata yoyamba, chili pakhoma. Alawansi ya a Shehe mwezi wachiwiri uno sinafike, akuti mapepala akadali kusainidwa. Iwo sadandaula, amangopalasa njinga yawo. Ndinawafunsa kuti zaka ziwirizi zikadzatha tidzatani.

"Madamu, ine ndinkaphunzitsa bungweli lisanabwere. Funso ndi lakuti geti ya sukulu idzakhala yotsegula kapena ayi."

Sindinawayankhe. Pasukulu pathu phunziroli silili pa ndandanda wa maphunziro a mayeso, ndipo mwana wa fomu 4 akapanikizika chimene amayamba kusiya ndi chosalembedwa pa satifiketi. Masilabasi amakonzedwera ku Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, pafupi pomwepa, mayeso ku MANEB m'tauni momwemu, koma mphunzitsi wamba ngati ine njira yokafikitsira nkhani kumeneko ndi yaitali kuposa msewu wake. Makolo akafunsa phindu ndimawauza zimene zili m'mapepala a pulojekiti, kuti Chiarabu ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi chimodzi za United Nations kuyambira 1973, kuti ku African Union amachigwiritsanso ntchito. Amagwedeza mutu mwaulemu. Yankho limene linawafika pamtima lero linachokera kwa mayi wina amene anakumbutsa za amayi a kuno amene anakazunzika pa ntchito za m'nyumba ku Oman, osamva chimene abwana akunena, osatha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha mumsewu.

Potuluka pageti mtsikana uja anandithamangira n'kundipatsa kapepala kong'amba m'kope. Anati walembapo mu'allima, mphunzitsi wamkazi, kuti ndikayeserere kunyumba. Ndayesa kasanu nsima ili pamoto. Mwana wanga wamng'ono akuti zikuoneka ngati nyongolotsi zagundana, ndipo timadontho tiwiri ta kumapeto ndimangotiiwala.

Batire latsala pang'ono. Fomu ija ili m'chikwama, yosamaliza. Mawa ndikafunse a hedi ngati n'kololedwa kulemba m'mphepete mwa mabokosi, ndipo Lachisanu kope langa ndikalipereke kwa mwini kapepala kuti akalichonge.