Zala za munthu wokalamba pa piyano

M'nyengo yozizira ino ndinapita ku konsati ya piyano kumene woimba anali bambo wachikulire kwambiri, wa imvi mbuu, amene anatenga nthawi ndithu kuti ayende kuchokera kukhomo la kuseri mpaka pampando wake. Ambiri mu holomo tinali tisanavule zovala zathu za mphepo, ndipo kutsokomola kunkamveka uku ndi uku, monga zimakhalira anthu akasonkhana pa nthawi ya chimfine. Nditamwaza maso, ndinaona kuti mitu ya imvi inali yochuluka kuposa yakuda, ndipo wanga unali m'gulu lochulukalo.

Piyano ndi chida chimene mawu ake amayamba kuzimiririka akangomveka. Woimba akadinda kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamamenya nsambo n'kubwerera m'mbuyo nthawi yomweyo, moti kuchokera pamenepo palibe chimene chala chingachite kuti mawuwo akule. Woimba vayolini kapena chitoliro angathe kukweza mawu ali pakati powaimba, koma Bartolomeo Cristofori, amene anapanga piyano yoyamba ku Florence, ku Italy, cha m'ma 1700, anapatsa woimba mphamvu yosankha kukula kwa mawu pachiyambi pokha. Chopondera cha kumanja chimangochedwetsa kuzimiririkako, pakuti chimanyamula tizidutswa tofewa timene timaletsa nsambo kunjenjemera. Ndili wamng'ono sindinkalabadira zimenezi, chifukwa khutu langa linkathamangira mawu otsatira, koma usiku umenewo ndinaona kuti bamboyu ankadikira kuti amve pamene mawu afika pozilala asanaikepo ena, ndipo ankayeza kukula kwa atsopanowo potengera otsalawo. Luso lake lalikulu linali m'makutu kuposa m'zala.

Chidacho nachonso chimaimva nyengo. Mpweya ukauma, makamaka m'nyumba zotenthetsedwa, thabwa lokuza mawu limafota pang'ono, nsambo zoposa 200 zimakhwefuka, ndipo mawu amatsika. N'chifukwa chake pa nthawi yopuma panabwera mmisiri wochuna, amene anakonza makiyi angapo ife tikuwongola miyendo.

Pa ndandanda panali tinyimbo tifupitifupi timene Johannes Brahms analemba mu 1892 ndi 1893, akuyandikira zaka 60, komanso sonata (nyimbo yaitali ya zigawo zingapo) yomaliza ya Franz Schubert, yolembedwa mu Seputembala 1828. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nyimbo imene inkamveka ngati ya munthu amene waona zonse inali ya Schubert, amene anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ali ndi zaka 31 zokha. Chigawo chake chachiwiri chimayenda pang'onopang'ono kwambiri, dzanja lamanzere likubwereza kamayendedwe kamodzimodzi n'kumadumpha pamwamba pa lamanja, ndipo simumva mmenemo changu chilichonse chofuna kukafika kumapeto. Zimenezi zinandichititsa kukayikira chikhulupiriro chimene ife achikulire timachikonda, chakuti zaka zimabweretsa kuzama pazokha. Akuluakulu amati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo sindikutsutsa, koma alipo okalamba amene sanaphunzire kudikira, monga alipo achinyamata amene matenda anawaphunzitsa msanga.

Woimba wathuyo anali ndi mapepala a nyimbo patsogolo pake, ndipo mtsikana wina ankamutsegulira masamba. Ena amaona zimenezi ngati kugonja, popeza kuyambira m'nthawi ya Franz Liszt ndi Clara Schumann, oimba piyano otchuka a m'zaka za m'ma 1800, omvera anazolowera kuti katswiri aziimba za pamtima. Ine sindikugwirizana nawo. Katswiri wa piyano Sviatoslav Richter, m'zaka zake zomaliza, ankaimba akuyang'ana pa mapepala, mu holo ya mdima, kanyale kamodzi kokha kakuwala pambali pa piyano, ndipo palibe anganene kuti anali wosadziwa nyimbozo. Munthu akadziwa kuti ubongo wake ungamutaye pakati pa ulendo wa mphindi 40, n'kusankha kuchotsa mantha amenewo kuti maganizo onse apite ku nyimbo, wachita mwanzeru.

Za woimba piyano wina wotchuka, Arthur Rubinstein, n'zimene zimandigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi. Iye anabadwa mu 1887 ndipo konsati yake yomaliza anaichita ku Wigmore Hall ku London mu 1976, ali ndi zaka 89, maso atayamba kale kumukana. Akatswiri a za maganizo Paul ndi Margret Baltes ankagwiritsa ntchito chitsanzo chake pofotokoza mmene anthu amakalambira bwino: anachepetsa chiwerengero cha nyimbo zimene ankaimba, zochepazo n'kumaziyeserera kawirikawiri, ndipo asanafike pa chigawo chothamanga ankayamba wachedwetsa dala, kuti kuthamangako kumveke kwakukulu kuposa mmene kunalili. Ena angati kumeneku n'kupusitsa omvera. Kwa ine ndi kudziwa bwino mphamvu zimene watsala nazo ndi kuzigawa mosamala, monga amachitira mayi wanzeru akaona kuti nkhuni zachepa pamene usiku udakali wautali.

Sindikufuna kukometsa ukalamba mopitirira muyezo. Bamboyu anaphonya makiyi m'malo angapo, ndipo m'chigawo chomaliza munkamveka kuti manja atopa. Mafupa a zala amauma, nyamakazi imalowa, ndipo m'nyengo yozizira zonsezi zimakula. Komabe chimene chinandinyansa potuluka ndi mawu amene ndinamva kwa anthu angapo, akuti waimba bwino tikaganizira msinkhu wake. Chiyamikiro chotere chimamuchotsa munthu pagulu la amisiri n'kumuika pagulu la ofunika kuwamvera chisoni. Chigawo chachiwiri chija anachiimba bwino kuposa achinyamata ambiri amene ndinawamvapo, ndipo chomalizacho anachiimba moperewera. Zonse ziwiri ziyenera kunenedwa popanda kutchula zaka.

Nafenso omvera tikukalamba, ndipo makutu ndi amene amayamba mwakachetechete. Mwana angathe kumva mawu okwera mpaka 20,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi, ndipo nambala ikakula mawu amakhala opyapyala), koma malire amenewa amatsika zaka zikamapita, ndipo mawu okwera kwambiri ndiwo amayamba kutayika. Kiyi yomaliza mwa makiyi 88 a piyano imalira pa 4,186 Hz, choncho ambiri timaimvabe, koma kuwala kumene kumakhala pamwamba pa mawu aliwonse kumachepa. N'kutheka kuti piyano imene ndinaiona ngati yofatsa ndi yofunda usiku umenewo inkamveka yakuthwa kwa mtsikana wotsegula masamba uja.

Funso lovuta kwa aliyense wa luso ndi lakuti asiye liti. Mwa oimba piyano, Alfred Brendel anasankha yekha tsiku, natsanzika ku Vienna mu Disembala 2008 ali ndi zaka 77, anthu akufunabe kumumva, ndipo anapitiriza kulemba ndi kuphunzitsa. Mieczysław Horszowski, wobadwa mu 1892, anapitiriza kuimba pamaso pa anthu mpaka ali ndi zaka 99. Kale ndinkalemekeza kwambiri njira ya Brendel, chifukwa imateteza mbiri ya munthu. Masiku ano mtima wanga ukupendekera kwa Horszowski, ngakhale ndikudziwa kuti chifukwa china n'chakuti inenso sindikufuna kuti wina adzandiuze kuti nthawi yanga yakwana.