Driver wa Wi-Fi pa Linux: ntchito imagawidwa bwanji, nanga ife tilowe pati?

Ma dongle a Wi-Fi (tizipangizo tolowetsa pa USB) otsika mtengo amene amapezeka m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni muno, ambiri amakhala ndi chip ya Realtek kapena MediaTek. Dzina la pabokosi musalikhulupirire. TP-Link TL-WN722N ya v1 ili ndi Atheros AR9271, pomwe v2 ndi v3 zili ndi Realtek RTL8188EUS, ndipo driver wake, pulogalamu yoyendetsa chip, ndi wosiyana kotheratu. Lembani lamulo la lsusb mu terminal muone manambala ozindikiritsa dongle: 0cf3:9271 ndi Atheros uja, 2357:010c ndi Realtek. Mukaona 0bda:1a2b, dongleyo yadzionetsa ngati CD, ikufunika pulogalamu ya usb_modeswitch kuti iyambe kugwira ntchito ya Wi-Fi. Pa laputopu, lspci -nnk imaonetsa chip pamodzi ndi driver amene waigwira.

Manambalawa ndi amene amakuuzani khomo loti mugogode. Kale kampani iliyonse inkabwera ndi driver wonyamula zonse yekha, kusaka netiweki, kulumikizana, kusunga mphamvu ya batire, moti vuto limodzi linkakonzedwa m'malo ambirimbiri. Mu 2007, pa kernel (phata la Linux) 2.6.22, munalowa gawo lotchedwa mac80211, ndipo ntchito zofananazo zinasonkhanitsidwa pamalo amodzi. Pamwamba pake pali cfg80211, imene mapulogalamu oyendetsera Wi-Fi a iw ndi wpa_supplicant amalankhula nayo kudzera mu njira yotchedwa nl80211. Ma driver monga ath9k, mt76, rtw88 ndi rtl8xxxu atsala ndi ntchito yolankhula ndi chip basi. Johannes Berg ndi amene amayang'anira mac80211 ndi cfg80211, ndipo oyang'anira driver aliyense alembedwa mu fayilo ya MAINTAINERS.

Patch, kusintha kumene munthu watumiza kuti kulowe mu kernel, imayamba kwa woyang'anira driver. Yokonza vuto imalowa mu nkhokwe ya code yotchedwa wireless, yobweretsa chatsopano mu wireless-next, kenako zimadutsa mu net kapena net-next mpaka kwa Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux. Kernel yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10, koma khomo la zatsopano limatseguka masabata awiri okha. Ukachedwa, udikira ulendo wina.

Pamene ambiri timagwa m'mbuna ndi pa ma driver a kunja, amene sali mu kernel. Munthu akaona kuti dongle sikuyaka, amakatenga driver wa kampani pa GitHub, n'kumumanga ndi DKMS (chida chomangira ma driver a kunja), Wi-Fi n'kuyaka. Zimayenda ndithu, mpaka tsiku lokweza kernel. Linux silonjeza kuti za m'kati mwake zikhala chimodzimodzi. Lamulo lake n'lakuti amene wasintha kanthu mu cfg80211 akonzenso ma driver onse amene ali mu kernel. Wa kunja palibe amam'kumbukira. DKMS imalephera kumanga, Wi-Fi imazima, ndipo intaneti yoti mutsitsire chokonzera mulibenso, pokhapokha mulumikize foni ndi chingwe cha USB. Vuto lina ndi la ma driver awiri kulimbirana dongle imodzi: wa mu kernel ndi wa kunja onse amadziwa nambala yomweyo, ndiye amene wayamba kudzuka ndi amene amaigwira. Lero Wi-Fi ili bwino, mawa ikudukaduka. lsusb -t imaonetsa amene waigwira, ndipo winayo mum'letse ndi mzere wa blacklist mu /etc/modprobe.d.

Nthawi zambiri driver wa kunjayo safunikanso n'komwe. Kuyambira pa kernel 6.2, rtw88 imayendetsa ma chip a USB monga RTL8821CU ndi RTL8822BU. RTL8188EU inakhala zaka ili ndi driver wongoyembekezera mu drivers/staging, mpaka rtl8xxxu itaidziwa pa kernel 6.3 mu 2023, wakaleyo n'kuchotsedwa. Onani uname -r kaye kuti mudziwe kernel imene muli nayo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaganiza molakwika kuti ndi vuto la driver. China ndi firmware, pulogalamu yolowa mu chip mwenimweni, imene imasungidwa padera mu linux-firmware. dmesg, imene imaonetsa mauthenga a kernel, ikalemba kuti firmware yalephera ndi error -2, ndiye kuti fayiloyo mulibe mu /lib/firmware, driver alibe mlandu. Chinacho ndi dziko. iw reg get ikaonetsa 00, kompyuta siikudziwa kumene ili, choncho pa chanelo 12 ndi 13 imangomvetsera, siyamba yokha kulankhula. Hotspot yopangidwa ndi pulogalamu ya hostapd pa machanelo amenewo siidzuka. iw reg set MW imatenga malire a Malawi mu wireless-regdb, mndandanda wa malamulo a Wi-Fi a dziko lililonse. Kuno malire enieni amaika ndi a MACRA, ndiye kusankha dziko lina pofuna mphamvu yochuluka si nzeru.

Tsono ife tilowe pati? Olemba ma driver sangakhale ndi dongle iliyonse imene ikugulitsidwa padziko, pomwe zachilendozo kuno n'zosasowa. Wophunzira wa ku MUBAS amene ali ndi laputopu yakale ndi ma dongle angapo angathandize kwambiri pongoyesa, asanalembe n'komwe mzere wa C, chilankhulo cholembera kernel. Koma lipoti lakuti "Wi-Fi siikugwira" silithandiza aliyense. Mulembe nambala ya lsusb, kernel imene ikuvuta, kernel yomaliza imene inkagwira, ndi dmesg yonse osadula. Muyese pa kernel yatsopano yopanda driver wa kunja, apo ayi oyang'anira sangalilandire.

Ngati zinkagwira kale, git bisect ndiye imapeza pamene zinasokonekera. Pakati pa kernel ziwiri zotsatizana pamakhala ma commit (zosintha zolembedwa m'mbiri ya kernel) oposa 10,000, ndipo pogawa pakati mobwerezabwereza mumamanga kernel pafupifupi ka 14. make localmodconfig imafupikitsa nthawi chifukwa imamanga zokhazo zimene kompyuta yanu ikugwiritsa ntchito, koma lumikizani dongle musanailembe, kuopa kuti driver wake angasiyidwe. Magetsi akathima pakati, musayambirenso: make imapitiriza pamene inalekezera. Mbiri yonse ya kernel ndi ma GB angapo, ndiye mmodzi atsitse, ena akopere pa flashi, bandulo isathere pomwepo.

Patch yoyamba yabwino ndi ya mzere umodzi: kuwonjezera nambala ya dongle yanu pa mndandanda wa driver amene akuidziwa kale chip yake. Mutu uyambe ndi "wifi:" kenako dzina la driver. Idutsitseni pa scripts/checkpatch.pl, funsani scripts/get_maintainer.pl anthu oyenera kuilandira, ikani Signed-off-by, ndipo tumizani ndi git send-email, chifukwa mapulogalamu ena a imelo amasokoneza mipata patch n'kukanika kulowa. Ngati ikukonza vuto, onjezerani mzere wa Fixes: wokhala ndi zilembo 12 zoyambirira za commit yolakwikayo, kuti oyang'anira aone ngati ikufunikanso ku ma kernel akale amene ambiri kuno akugwiritsabe ntchito.