Sabata ino ndakhala ndi chimbale cha 1924

Ine nyimbo za country ndinazidziwira pa makaseti a bambo anga, a Jim Reeves ndi a Don Williams, mawu ofewa ngati munthu akukunong'oneza. Ndiye nditayamba kuwerenga mbiri ya nyimbozi n'kutsegula "Wreck of the Old 97" ya Vernon Dalhart pa foni, ndinayesa mahedifoni anga afa. Phokoso la shiii ngati mvula pa malata, woimbayo akukuwa ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pa tsiku lachitatu. Mu 1924, pamene kampani ya Victor inkajambula nyimboyi, maikolofoni anali asanalowe m'situdiyo. Anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1925. Woimba ankaima kutsogolo kwa chilipenga chachikulu, mawu ake n'kumagwedeza kasingano komwe kankalemba mizere pa phula. Ukanong'ona, singano sigwedezeka mokwanira. Dalhart anaphunzira kuimba opera, nyimbo za zisudzo zofuna mawu amphamvu, choncho mapapo anali nawo, ndipo liwu lililonse limamveka bwinobwino mkati mwa phokoso lonselo. Jim Reeves akanakhala kuti ankaimba nthawi imeneyo sindikhulupirira kuti tikanamumva.

Nkhani ya m'nyimboyi ndi yoona. Pa 27 September 1903 sitima yonyamula makalata inachedwa, woyendetsa anaithamangitsa kuti abweze nthawi, ndipo inagwa pa mlatho ku Danville, Virginia, m'dziko la America. Anthu 11 anafa.

Chomwe chandisekesa n'chakuti mwini chimbale choyamba cha country kugulidwa kupitirira miliyoni sanali mlimi woimba pakhonde. Ankakhala ku New York, dzina lake lenileni linali Marion Try Slaughter, ndipo la Vernon Dalhart anachita kulumikiza mayina a matauni awiri a ku Texas. Nyimboyo anaiphunzirira pa chimbale cha woimba wina, Henry Whitter, mawu ena n'kuwamva molakwika, n'kuwaimba choncho. Kuseri kwa chimbale cha Dalhart kunali "The Prisoner's Song", yomwe inatchuka kwambiri. Ine ndimakonda ya sitimayi, yandendeyo imandigonetsa tulo.

Dzulo ndinaika foni kumapeto kwa chipinda, ndinatenga gitala n'kuyesa kuimba kuti liwu lililonse lifike. Ndisanamalize ndime yachiwiri kukhosi kunali kutauma, ndipo mayi a nyumba yoyandikana nafe anagogoda kufunsa ngati kwagwanji.