Kuphunzira galamala ya Chingerezi kudzera m'nkhani zamasewera

Wophunzira wa Fomu 3 amene amasokoneza "won" ndi "has won" pamayeso, kawirikawiri amadziwa pamtima kuti Flames inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ku Cameroon mu Januwale 2022, komanso kuti zigoli zonse ziwiri anamwetsa ndi Gabadinho Mhango. Chidziwitso chimenechi n'chothandiza pophunzira Chingerezi kuposa mmene ambiri amaganizira. Ukamawerenga nkhani imene mathero ake ukuwadziwa kale, mutu sutanganidwa ndi kufufuza kuti chachitika n'chiyani, ndiye umapeza mpata woona mmene chiganizo chamangidwira. Nkhani zamasewera zilinso ndi ubwino wina: chochitika chilichonse chili ndi tsiku lake ndi nambala yake, moti mneni akangolakwika, chiganizo chimasanduka bodza loti aliyense atha kuliona.

Tiyambe ndi ndime yaifupi iyi, yokamba za masewera odumpha mtunda:

"In 1968, Bob Beamon jumped 8.90 metres in Mexico City. Ralph Boston and Igor Ter-Ovanesyan had shared the old record of 8.35 metres. Beamon's record stood for almost twenty-three years, until it was broken by Mike Powell in Tokyo in 1991. Powell has held the record ever since."

Ziganizo zinayi zokha, koma muli pafupifupi zonse zimene zimagwetsa anthu pa nthawi za mneni. Tengani pensulo, jambulani mzere wopingasa papepala, muikepo zaka zitatu: 1968, 1991 ndi lero. Kenako mneni aliyense mumupezere malo ake pamzerewo. "Jumped" akukhala pa 1968 penipeni, chifukwa chaka chatchulidwa ndipo ntchitoyo inathera pomwepo. Imeneyi ndi past simple. "Had shared" sakukhala pa 1968, akukhala kumanzere kwake, chifukwa Boston ndi mnzakeyo anali ndi rekodi Beamon asanadumphe. Past perfect ntchito yake ndi imeneyo basi, kusonyeza kuti pa zinthu ziwiri zakale, ichi ndiye chinayamba. Ophunzira ambiri amaika "had" paliponse pamene nkhani ikuoneka yakalekale, ngati kuti "had" amayeza kutalika kwa zaka. Ayi ndithu. Zimene zinachitika mu 1954 zimangofuna past simple ngati palibe chinthu china chakale chimene mukuziyerekeza nacho.

"Stood" akuyala kuchokera pa 1968 kufika pa 1991 n'kuima. "Has held" akuyambira pa 1991 n'kudzakhudza lero, ndipo imeneyi ndi present perfect. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Wolemba akanati "Powell held the record", wowerenga wodziwa Chingerezi akanamva kuti rekodiyo inaphwanyidwa kale ndi munthu wina. Kaliwu kamodzi ka "has" kakukuuzani kuti mamita 8.95 a Powell sanapyoledwebe. N'chimodzimodzi ndi Usain Bolt, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin pa 16 Ogasiti 2009. "Bolt's record has stood since 2009" n'chiganizo cholondola lero, koma tsiku limene wina adzathamange moposa pamenepo chidzafunika kusintha kukhala "Bolt's record stood from 2009 to..." Pamayeso a kumvetsa nkhani, funso loti kodi rekodiyo ilipobe limayankhidwa ndi mneni yekhayo ngakhale wolemba sananene poyera.

Lamulo lothandiza n'lakuti chaka kapena tsiku lotha kale silikhalira pamodzi ndi present perfect, pokhapokha ngati patsogolo pake pali "since". "Malawi have beaten Algeria in 2010" n'cholakwika. Cholondola ndi "Malawi beat Algeria 3-0 in 2010", zimene zinachitikadi ku Angola pa mpikisano wa Africa Cup of Nations. Koma mukamawerenga maulendo popanda kutchula chaka, present perfect amabwerera: "Malawi have played at the finals three times." Maulendo ake ndi a 1984, 2010 ndi mpikisano wa 2021, ndipo "have played" akusiya khomo lotsegula kuti ulendo wachinayi ungadzabwere. "Since" amatsagana ndi poyambira, monga "since 1991", pamene "for" amatsagana ndi kutalika kwa nthawi, monga "for twenty-three years". Mukalemba "since twenty-three years" mwasakaniza ziwirizi.

Mwina mwadabwa ndi "Malawi have". Atolankhani a ku Britain amatenga timu ngati gulu la anthu, ndiye amalemba "have" ndi "are", pomwe a ku America amakonda "has" ndi "is". Zonse n'zololedwa. Chosaloledwa n'kusinthasintha m'ndime imodzi, kuyamba ndi "the team is" n'kudzamaliza ndi "they were".

Tsopano pa aneni awiri amene amasokonezedwa tsiku ndi tsiku, "win" ndi "beat". Pocheza timati "tawawina", ndipo zimenezi zikalowa m'Chingerezi zimabala "we won them", chimene sichimveka. "Win" amatenga chinthu chimene mwapata: masewero, chikho, mendulo, mpikisano. "Beat" amatenga munthu kapena timu imene mwaigonjetsa. Zambia mu 2012 ikukwanira pa zonse ziwiri: "Zambia beat Ivory Coast on penalties and won the cup." Onani kuti "beat" sasintha m'nthawi yakale, palibe "beated", koma akatsagana ndi "has" kapena "was" amakhala "beaten". Aneni osatsata lamulo la -ed adzaza m'nkhani zamasewera, ndipo n'kwabwino kuwaloweza atatuatatu: run, ran, run, throw, threw, thrown, draw, drew, drawn, break, broke, broken, swim, swam, swum, lose, lost, lost. Womalizayu amalembedwa ndi "o" mmodzi. "Loose" ndi mfotokozi wa chinthu chokhwepa, monga chingwe cha nsapato.

Aperekezi ndiwo sangaphunziridwe ndi lamulo, amafuna kuwatola pamodzi ndi mneni wawo. Timu imagonja "to" inzake, imalepherana mphamvu "with" inzake, ndipo imasewera "against" inzake. Ulendo wa Flames ku Cameroon uli ndi zonsezi: "lost 1-0 to Guinea", "beat Zimbabwe 2-1", "drew 0-0 with Senegal", kenako m'ndime ya matimu 16 "lost 2-1 to Morocco". "Beat" alibe mperekezi aliyense. Onaninso kuti nambala yaikulu imayamba ngakhale mukukamba za timu yogonja, ndipo ziro wa mpira amawerengedwa "nil", pamene 0-0 ambiri amangoti "a goalless draw". M'kope lanu musalembe liwu lokha loti "lose", lembani kagulu konse ka "lose to a team", chifukwa pamayeso chimene chimasowa si mneniyo koma kamperekezi kake.

Kuyerekeza ndi gawo limene masewera othamanga amaphunzitsa bwino kwambiri. Roger Bannister anathamanga mailo imodzi m'mphindi 3 ndi masekondi 59.4 ku Oxford pa 6 Meyi 1954, munthu woyamba kutsika pansi pa mphindi zinayi. Patangopita masiku 46, John Landy wa ku Australia anathamanga mofulumira kuposa pamenepo ku Turku, m'dziko la Finland. Ndiye "Landy was faster than Bannister", osati "more faster", chifukwa -er ndi "more" amagwira ntchito imodzi ndipo mumasankhapo chimodzi. Afotokozi aafupi amatenga -er ndi -est, aatali monga "successful" amatenga "more" ndi "most". Mukanena za opambana onse, "the" sasiyidwa: "the fastest", "the first man to run". Cholakwika china chofala ndi "one of the fastest runner". Mukati mmodzi mwa, ndiye kuti alipo ambiri, choncho dzinalo likhale lochulukitsa: "one of the fastest runners". Kusiyana kwa manambala kumanenedwa ndi "by": Powell anaposa Beamon "by five centimetres", pamene Beamon anaposa rekodi yakale "by 55 centimetres".

Pali msampha wina wa kumvetsa nkhani umene ukubisala pomwepa. Pothamanga, nambala yaing'ono ndiyo yabwino, choncho "lowered the record" kapena "cut the record" akutanthauza kuti wothamangayo wachita bwino. Wowerenga mothamanga akaona "lowered" amaganiza kuti zinthu zaipa, n'kusankha yankho lolakwika. Podumpha ndi poponya ndiye zimatembenuka, nambala yaikulu ndiyo yopambana.

Passive voice, monga "it was broken by Mike Powell" m'ndime ija, amagwiritsidwa ntchito pamene chofunika kwambiri ndi chinthu chochitidwa osati wochitayo. Ndimeyo ikulondola mbiri ya rekodi, n'chifukwa chake rekodiyo yakhala kutsogolo kwa chiganizo. Chitsanzo chabwino ndi cha Eliud Kipchoge, amene anathamanga mtunda wa marathon m'ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna pa 12 Okutobala 2019. Nkhani zake zimati "the time was not recognised as a world record", chifukwa sunali mpikisano wotsegukira aliyense ndipo othamanga omutsogolera ankasinthanasinthana. Amene anakana kuvomereza satchulidwa m'chiganizomo popeza wowerenga akufuna kudziwa za nthawiyo. Kamangidwe kake ndi "was" kapena "were" kuphatikiza mtundu wachitatu wa mneni. Amene amalemba "was broke" kapena "was beat" wadziwa lamulo koma sanaloweze mtundu wachitatuwo, ndiye mankhwala ake n'kubwerera ku mndandanda wa atatuatatu uja.

Mitu ya nkhani ili ndi galamala yakeyake ndipo siyenera kukoperedwa m'chimangirizo. Mutu woti "Flames beat Zimbabwe" kapena "Mhango scores twice" uli m'nthawi yatsopano ngakhale masewerowo anachitika dzulo. "Flames to face Morocco" akunena zam'tsogolo. "Senegal held by Flames" ndi passive amene wachotsedwa "were". Timawu ta "a" ndi "the" timachotsedwanso pofuna kusunga malo. Ntchito yabwino ya mphindi zisanu n'kutenga mitu isanu ya tsamba lakumbuyo la The Nation kapena The Daily Times n'kuibwezeretsa kukhala ziganizo zathunthu: "Senegal were held to a goalless draw by the Flames." Popeza Chichewa chilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the", ife timatiiwala mosavuta, ndipo ntchito imeneyi imakakamiza diso kuona pamene tasowa.

Ndemanga za pawailesi kapena pakanema nazo n'zofuna kusamala. Wolengeza masewera amayankhula m'zidutswa, "Mhango shoots, what a goal", ndipo n'zabwino pozolowetsa khutu, koma chiganizo chokhala ndi mwininkhani ndi mneni woyenera mudzachipeza m'nkhani yolembedwa masewero atatha.

Kawerengedwe kake kakhale kotere. Sankhani nkhani imodzi ya mawu pakati pa 250 ndi 350, yotalika kuposa apo imatopetsa musanafike pa galamala. Ulendo woyamba werengani m'mphindi ziwiri kapena zitatu popanda dikishonale, n'kuyankha mafunso anayi: ndani, ndi yani, kuti, zinathera pati. Ulendo wachiwiri dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense ndipo mumuike pamzere wa zaka kapena wa mphindi za masewero. Mudzaona kuti atolankhani sayamba ndi mphindi yoyamba. Amayamba ndi zotsatira, n'kubwerera m'mbuyo, ndipo pobwererapo m'pamene "had" amatulukira, monga "Malawi had taken the lead before Morocco scored twice". Ulendo wachitatu ndi wotola mawu, koma asapitirire asanu ndi atatu, aliyense ndi anzake oyenda nawo. Kuyang'ana liwu lililonse m'dikishonale ndi kumene kumapha kuwerenga, chifukwa pofika pa ndime yachitatu mwaiwala za yoyamba.

Gawo lomaliza ndi limene ambiri amalumpha, chonsecho ndi limene limaphunzitsa. Lembani pakapepala mfundo zokha, mayina, malo, manambala. Tsekani nyuzipepala, mulembe nkhaniyo m'ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kenako muyerekeze ndi ya mtolankhani. Musayang'ane zonse nthawi imodzi. Dutsani koyamba mukuona aneni okha, kachiwiri "a" ndi "the", kachitatu alowam'malo. Apa pomaliza nkhani za mpira wa amayi n'zothandiza kwambiri, chifukwa "iye" wathu amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye "he" amalowerera osadziwa. Yesani ndi Temwa Chawinga, amene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya NWSL ku America akusewerera Kansas City Current: "She scored twenty goals in her first season and was named the league's most valuable player." Mukawonjeza mkulu wake Tabitha, amene anatsogola pomwetsa zigoli mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, mupeza mpata woyeserera "she", "her sister", "both of them" ndi "they" m'ndime imodzi. Cholakwika chimene chabwereza kawiri pa nkhani imodzi chilembeni pamwamba pa tsamba lotsatira, kuti mukatenga nkhani ina muyambe ndi kuchisaka chimenecho.